Magolovesi ndi kusamba m'manja: zimene osamalira odwala ku Joni amafunsa

Amalawi ambiri kuno ku Joni tikudyera ntchito yosamalira odwala. Ena ali m'nyumba zosungira okalamba ku Randburg ndi ku Edenvale, ena akusamalira agogo m'nyumba za mabwana, ena amakolopa m'mawadi. Lamulo la ukhondo wa m'manja limatikhudza tonse, koma ambirife tinangoligwira mbali imodzi: magolovesi timawakonda, pampopi timadutsa ngati sitikupaona.

Lamuloli linachokera kuti, ndipo likuti chiyani?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo ake mu 2009, ndipo mu 2020 unduna wa zaumoyo wa South Africa unakhazikitsa ndondomeko yake yopewera matenda m'zipatala, yomwe imatsata malangizo omwewo. Pali nthawi zisanu zoyeretsa m'manja: musanakhudze wodwala, musanagwire ntchito yofuna ukhondo monga kutsuka bala, mukakhudza magazi, mkodzo kapena chimbudzi, mukamaliza kukhudza wodwala, ndiponso mukakhudza zinthu zomuzungulira. Yachisanuyi ndi imene timaiwala kwambiri. Mwangokonza pilo, mwagwira chitsulo cha bedi, mwasuntha kapu ya madzi, wodwalayo simunamukhudze n'komwe, koma majeremusi ake mwatenga.

Ndavala kale magolovesi. Ndisambirenji m'manja?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Golovesi imatha kukhala ndi tizibowo tosaoneka ndi maso, ndipo povula, kunja kwake kumakhudza khungu la padzanja. M'kati mwake mumatentha, thukuta limadzaza, majeremusi n'kumaswana. N'chifukwa chake lamulo limati yeretsani m'manja musanavale, ndipo mukangovula yeretsaninso.

Koma vuto lalikulu si bowo ayi, ndi mtima umene golovesi imatipatsa. Munthu akagwira thewera ndi manja opanda kanthu amanyansidwa, amathamangira pampopi yekha osauzidwa. Akavala magolovesi samvanso kanthu. Amasintha thewera la agogo a bedi loyamba, n'kutsegula chitseko, n'kuyankha uthenga wa pa WhatsApp wochokera kumudzi, n'kukadyetsa agogo a bedi lachiwiri phala, magolovesi ali omwewo. Iye watetezeka ndithu. Enawo ndiye wawagawira matenda, ndipo foniyo madzulo akaipatsa mwana wake kuti aseweretse. Mwambo wa WHO wa pa 5 Meyi 2025, tsiku lokumbukira ukhondo wa m'manja, unatsindika mfundo yomweyi.

Ndiye ndiziwavala liti?

Pamene mukuyembekeza kukhudza magazi, mafinya, masanzi, mkodzo, chimbudzi, bala kapena m'kamwa mwa wodwala, komanso pamene asisitala akuuzani kuti wodwalayo ali ndi matenda opatsirana pokhudzana. Poyeza BP, pomuveka malaya, pomupatsa chakudya kapena pomuyendetsa pa wilutcheya, magolovesi safunika. Komanso taganizani mmene nkhalamba imamvera ikamagwiridwa dzanja ndi pulasitiki tsiku lonse ngati kuti ndi chinthu chonyansa. Kwathu gadiyani amamugwira mayi ake ndi manja enieni.

Wodwala mmodzi, magolovesi akeake. Ngakhale pa wodwala yemweyo, mukachoka pa thewera kupita pa bala, sinthani.

Kodi sindingangopaka sanitaiza pamwamba pa magolovesi kuti ndisawononge ambiri?

Ayi. Anapangidwa kuti avalidwe kamodzi n'kutayidwa. Kuwatsuka kapena kuwapaka sanitaiza kumawafooketsa, ndipo majeremusi satha onse.

Sanitaiza ndi sopo, chabwino n'chiti?

Ngati m'manja simukuoneka litsiro, sanitaiza yokhala ndi alcohol wa pakati pa 60 ndi 80 peresenti ndi yokwanira, ndipo ndi imene WHO imalimbikitsa pantchito ya tsiku ndi tsiku. Thirani yokwanira, tikitani masekondi 20 mpaka 30 mpaka iume yokha, osaipukutira pa yunifomu. Musaiwale chala chachikulu, nsonga za zala ndi mipata ya pakati pa zala.

Sopo ndi madzi zimafuna masekondi 40 mpaka 60. Zimenezi n'zosathawika ngati m'manja mwada, mukachoka kuchimbudzi, ndiponso ngati wodwala akutsegula m'mimba. Pali kachilombo kotchedwa C. diff, kovutitsa kwambiri okalamba amene amwa maantibayotiki nthawi yaitali, komwe sikafa ndi sanitaiza. Kamachoka pokhapokha mutakatikita ndi sopo n'kukatsukuluza.

Nanga mpopi ukauma?

Aliyense wokhala mu Joni akudziwa kuti madzi amatha kusowa masiku angapo. Sungani madzi m'zigubu, ndipo wina azikuthirirani ndi jagi monga timachitira kumudzi tisanadye nsima. Chimene simuyenera kuchita ndi kusambira nonse m'beseni limodzi.

M'manja mwanga mukung'ambika. Nditani?

Chisanu cha kuno, makamaka mu Juni ndi Julayi, n'chouma kwambiri, ndipo khungu long'ambika limasunga majeremusi. Pewani madzi otentha kwambiri, umitsani m'manja bwinobwino musanavale magolovesi, ndipo muzidzola mafuta. Koma Vaseline ndi mafuta ena onga ameneyo amawononga magolovesi a latex (a mphira wachilengedwe), choncho muziwadzola mukaweruka. Ngati latex ikukuyabwitsani kapena kukutulutsani tiziphuphu, pemphani a mtundu wina otchedwa nitrile.

Zikhadabo zomata zija, alongo anga, zisungireni tchuthi cha Disembala. Pansi pake pamabisala majeremusi, ndipo zimaboola magolovesi. Mphete, zibangili ndi wotchi nazonso zivulidwe pantchito.

Abwana akuti ndizigula ndekha magolovesi. N'zololedwa?

Ngati mwalembedwa ntchito pachipatala kapena panyumba yosungira okalamba, lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993 limapereka udindo wa zodzitetezera kwa wolemba ntchito, ndipo gawo 23 limaletsa kukulipiritsani kapena kukudulani malipiro chifukwa cha zimenezo. Bokosi likatsala pang'ono kutha, auzeni msanga akuluakulu, makamaka polemba uthenga kuti pakhale umboni.

Ndikavula ndiwataye kuti?

Kuchipatala, magolovesi okhudza magazi kapena zina zotuluka m'thupi amapita m'thumba lofiira. Kunyumba, avuleni mowatembenuza kuti kunja kulowe m'kati, amangeni m'jumbo musanaponye m'bini, kenako pitani pampopi.