Kuchokera pa Starter Pack kufika pa AIP: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya fetereza wotsika mtengo

Ikangofika Okutobala nkhani imakhala imodzi basi, pachigayo, m'minibasi, olo pamaliro: dzina lanu latuluka? Ndiye ndaona ambiri timasokoneza mapulogalamuwa, makamaka achinyamata amene anabadwa makuponi alipo kale. Nawa mafunso amene amabwera pafupipafupi.

Kodi zonsezi anayambitsa ndi Bingu eti?

Ayi ndithu. Bingu wa Mutharika anangoikulitsa nkuipatsa dzina lomwe linamveka dziko lonse. Nthawi ya Kamuzu fetereza anali wotsitsidwa mtengo kale, koma njira yake inali ya makalabu. Alimi mumapanga kalabu, mlangizi amakulemberani, mumatenga fetereza ndi mbewu pangongole kudzera ku SACA, bungwe la boma la ngongole za alimi ang'onoang'ono, nkudzabweza mukakolola mutagulitsa ku ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971 ndipo misika yake inali mpaka kumidzi yakutali. Funsani agogo anu za kubweza ngongole nthawi imeneyo, akuwuzani za anthu olandidwa mbuzi ndi zitseko. Munthu mmodzi akalephera, kalabu yonse simalandiranso chaka chamawa, ndiye mumalondana nokhanokha. Ndipo osauka enieni m'makalabumo samalowamo, amene amapindula anali a minda yokulirapo.

Zinaphwasuka ndi chilala cha 1992 kenako ndale za matipate, anthu anasiya kubweza, SACA inagwa. Kwacha nayo inagwa mu 1994, sabuside wa fetereza anachotsedwa pomvera a World Bank ndi IMF, thumba linakwera mtengo moti wamba sakanalifikira.

Nanga Starter Pack inali chiyani?

Iyi ndi ya nthawi ya Bakili Muluzi, inayamba mu 1998. Inali yaulere, kaphukusi kakang'ono: fetereza makilogalamu 15, mbewu ya chimanga ya haibulidi makilogalamu 2, ndi kambewu ka nyemba kapena mtedza kapena soya pang'ono. Zokwana kandime kakang'ono chabe, 0.1 hekitala. Koma ubwino wake pafupifupi banja lililonse lakumudzi linalandira, mabanja ngati 2.8 miliyoni, ndiye panalibe zokanganirana mayina. Zaka ziwiri zoyambazo chimanga chinachuluka. Kenako opereka thandizo anati ayi, muzipatsa osaukitsitsa okha, dzina linasintha kukhala TIP, olandira anatsika kufika 1.5 miliyoni kenako 1 miliyoni. Chotsatira mukuchidziwa, njala ya 2002 ija anthu ankadya zitsa za nthochi, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa kale.

Ine ndimaona kuti apa mpamene panayambira vuto lomwe tili nalo mpaka lero, loti mudzi wonse ndi wosauka koma akuti sankhanimo ochepa.

Makuponi a FISP amayenda bwanji?

Pambuyo pa njala ya 2005 Bingu anakana kumvera opereka thandizo nkuyambitsa FISP m'nyengo ya 2005/06. Wolandira amapatsidwa makuponi a matumba awiri a makilogalamu 50, limodzi wokulitsa, chitowe uja wa 23:21:0+4S, lina Urea wobereketsa, kuphatikiza kuponi ya mbewu. Siwaulere, umawonjezera kandalama. Poyamba inali K950 thumba, inatsika mpaka K500 mu 2009, chaka chachisankho, ndipo inakhala pa K500 pomwepo zaka zingapo olo mtengo weniweni m'mashopu unkangokwera. Mu 2015 mpamene inalumpha kufika K3,500. Olandira zaka zambiri anali cha m'ma 1.5 miliyoni, kenako anatsika kufika 900,000.

Zaka zoyambazo mvula inagwanso bwino, chimanga chinapezeka, mpaka tinagulitsako ku Zimbabwe mu 2007. Koma musaiwale makuponi achinyengo, midzi yongopeka yomwe kulibe, komanso kugona pa depoti masiku angapo ukudikira lole.

Ndiye AIP inasiyana pati?

AIP inabwera ndi boma la Lazarus Chakwera mu 2020. Zinthu ziwiri zinasintha. Choyamba kuponi ya pepala inatha, mmalo mwake chiphaso cha unzika ndicho chinakhala kuponi, amachisikana pa depoti ndi kamakina, ndiye netiweki ikavuta mzere wonse umaima. Chachiwiri kuchuluka kwa anthu, chaka choyambacho olandira anapitirira 3.5 miliyoni pa mtengo wa K4,495 thumba. Chaka chotsatira K7,500. Mu 2022 K15,000, olandira 2.5 miliyoni, kenako 1.5 miliyoni mu 2023. Mukaona ndi njira yomwe ija ya Starter Pack, kuyamba ndi aliyense nkumachepa chaka ndi chaka.

Chifukwa chake sichobisika. Fetereza sitipanga kuno, timaitanitsa kunja ndi madola, amadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 mitengo inakwera dziko lonse lapansi, kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Boma likafuna kusunga mtengo wa mlimi pansi, chomwe limadula ndi mayina.

Dzina langa chaka chatha linalipo, chaka chino mulibe. Amfumu andichotsa?

Mwina, koma nthawi zambiri si iwo. Chiwerengero cha boma lililonse ndi EPA (dera la zaulimi) iliyonse chimachokera ku likulu, mudzi umangouzidwa kuti mwapatsidwa malo akutiakuti. Nthawi ya makuponi mafumu ndi makomiti a chitukuko anali ndi mphamvu zambiri posankha, ndipo kukondera kunalipo, tisanamizane. Mu AIP mayina anayamba kuchokera mu kaundula wa alimi wa unduna wa zamalimidwe wolumikizidwa ndi ziphaso. Ndiye ngati dzina pa chiphaso likusiyana ndi la mu kaundula, kapena simunalembetse kwa alangizi, mutha kugwa popanda munthu wokuchitirani kaduka. Pitani ku ofesi ya zaulimi ya EPA yanu mukadali nthawi, osati mvula itagwa kale.

Matumba awiriwo amakwana munda wonse?

Anawerengera ekala imodzi. Koma kumudzi ndani amathira matumba awiri yekha? Mudzi ukalandira mayina ochepa amfumu amati tigawane, thumba limodzi mabanja awiri, atatu, kumayezerana m'ndowa. Malamulo salola koma ndi mmene anthu amakhalirana, mawa udzafuna amene unamumana kuti akukumbire manda. Mapeto ake aliyense wathira pang'ono, wina wasakaniza wokulitsa ndi wobereketsa nkuthira kamodzi chimanga chili m'mawondo, zokolola nkukhala zosaoneka.

Kodi m'mundamo chasintha nchiyani kwenikweni zaka zonsezi?

Apa mpamene pali nkhani. Makolo athu ankabzala chimanga cha makolo, mbewu yosankha pa nkhokwe, njere zitatu pa phando, mizere yotalikirana, pakati pali maungu, nyemba, khobwe. Haibulidi woyamba amayi ankamukana chifukwa anali wofewa, ukasinja mumtondo amangophwanyika kukhala gaga, mphale yochepa, komanso kufumbwa msanga. Mu 1990 ofufuza a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18 wolimba njere wokonoleka bwino, anthu nkuyamba kumulandira. Makuponi a mbewu ndi amene anamaliza ntchito, lero mwana aliyense amadziwa Kanyani, Mkango, Njobvu, DK. Kabzalidwe ka Sasakawa, njere imodzi pa phando masentimita 25, mizere masentimita 75, kanalowa cha m'ma 2000.

Zokolola zimachuluka inde, koma mbewu imeneyi ndi yogula chaka chilichonse ndipo popanda fetereza imakukhumudwitsa. Minda yachepa poti tachulukana, palibenso zogoneka munda, chimanga pa chimanga chaka ndi chaka, nthaka yatopa, kaufiti ali mbwee. Nkhokwe nazo zikutha, chifukwa cha anankafumbwe ndi akuba chimanga timatonola nkuthira Actellic nkuchigoneka kuchipinda. Onjezerani mbozi zija zinabwera cha mu 2017, namondwe Freddy mu Malichi 2023, ng'amba ya El Niño mu 2024 pomwe maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi. Mlimi walero amalima ndi ndalama kuposa agogo ake, ndipo akaphonya thumba waphonya chaka.

Bwanji ndikangogulitsa mwayi wanga kwa venda?

Ndi mlandu, kwa inu ndi kwa iye. Ndikudziwa chifukwa chake anthu amatero, Novembala m'nyumba mulibe ufa, ndalama ya thumba ilibe poyambira, venda wabwera ndi ndalama m'manja akuti bweretsani chiphaso. Koma chiphaso musamapereke kwa munthu, ena sachibweza msanga ndipo ndi chomwecho mufuna ku banki ndi polembetsa simu. Bola kugwirizana ndi m'bale wanu asonkhe ndalama mugawane fetereza, kusiyana nkudzagula chimanga kwa venda yemweyo mu Febuluwale.

Nanga tikakolola, ADMARC izagula?

Musawerengere. Boma limalengeza mtengo wotsikitsitsa wogulira mbewu chaka chilichonse, koma ADMARC kawirikawiri imalandira ndalama mochedwa, pofika pa msika mavenda amakhala atasesa kale mu Epulo ndi Meyi ndi masikelo awo aja. Mu 2022 inachita kutsekedwa kaye kuti ikonzedwenso. Komanso boma likaletsa kutumiza chimanga kunja mtengo umagwa nthawi yokolola, wogula m'tauni amasangalala, wolima ndi amene amalira.

Sindili pa mndandanda ndipo la m'shopu sindingakwanitse, nditani?

Chepetsani ndime ya chimanga, muisamale bwino, kwinako ikani mtedza, soya kapena nandolo zomwe sizilira Urea ndipo zimasiya chonde, chaka chamawa mudzasinthanitse. Mapesi musawotche. Ambiri pano akupanga manyowa a Mbeya: ndowe zouma zosefa za nkhuku, mbuzi kapena nkhumba, gaga, phulusa ndi fetereza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku 21. Thumba limodzi logula limatuluka matumba angapo. Miyezo yake funsani alangizi a kwanuko chifukwa ukachulutsa madzi zimaola, ndipo muyambe kusonkhanitsa gaga ndi ndowe mu Ogasiti, pofika Novembala gaga amakhala atakwera mtengo poti a nkhumba ndi a kachasu akumufunanso.