Muli ndi nkhasi pakhomo? Mwana akatsegula m'mimba musati ndi mano

Mvula ikagwa, ana amatola nkhasi, akamba a m'madzi, m'madambo n'kudzaziika m'beseni kunyumba. Abale athu okhala kunja nawo amagulira ana tiakamba ta m'madzi tosunga m'galasi. Kuweta kamba si mlandu, koma makolo dziwani ichi: m'matumbo mwa akamba mumakhala tizilombo totchedwa Salmonella. Timatuluka ndi ndowe, n'kufalikira m'madzi, pachigoba ndi pabeseni. Kambayo sadwala. Amadya, amasambira, madzi n'kumaoneka oyera, tizilombo tili momwemo. Ku America boma linaletsa mu 1975 kugulitsa akamba a chigoba chosakwana masentimita 10, chifukwa ana ankawaseweretsa, ena mpaka kuwaika mkamwa, n'kumadwala.

Matendawa amayamba pakati pa maola 6 ndi masiku 6 tizilombo titalowa m'thupi. Munthu amatsegula m'mimba, amatentha thupi, m'mimba mumapota, ena amasanza. Wamkulu wathanzi amachira pakadutsa masiku 4 mpaka 7.

Mwana ndiye nkhani ina, ndipo apa mpamene timakhumudwa ife azaumoyo. Mayi amabwera ndi mwana wofooka, maso atalowa, liwombo litatsika. Tikafunsa kuti wayamba liti, akuti masiku anayi apitawo, "timati ndi mano akumera". Mano, amayi? Kumera mano kumatupitsa nkhama, mwana amachucha dovu ndi kuvutavuta. Sikutsegulitsa m'mimba kasanu patsiku, sikutulutsa magazi. Kungoti pa msinkhu umenewu mwana amakwawa ndi kuika chilichonse mkamwa, kuphatikizapo zala zimene waviika m'beseni la nkhasi lija.

Kwa mwana amene wangodwala malungo, wochepa magazi kapena wonyentchera, Salmonella amatha kulowa m'magazi, ndipo akafika pamenepo amatha kupha. Ndi chimodzimodzi kwa amene ali ndi HIV komanso okalamba. N'chifukwa chake tikunena mosabisa: nyumba imene muli mwana wosakwana zaka 5, mayi woyembekezera kapena munthu wa chitetezo chofooka, kamba asakhalemo.

Ngati mukumusungabe, beseni lake likhale lakelake, osati lotsukiramo mbale kapena losambitsiramo khanda. Litsukireni panja, kutali ndi khitchini, mjigo ndi chitsime, madzi ake mutaye m'chimbudzi. Aliyense wagwira kamba, chakudya chake kapena madzi ake asambe m'manja ndi sopo pa madzi oyenderera. Osamupsompsona, osadya uku mukumugwira, osamulola kuyenda pamkeka pamene mwana amakwawa. Wogula kusitolo musakamutaye kumtsinje mukatopa naye. Akamba amenewa amakhala zaka zoposa 20, ganizani musanagule.

Tibwereze za mano zija, poti tikudziwa kuti agogo akazi akanenabe zomwezo. Mwana akangoyamba kutsegula m'mimba, mpatseni Thanzi ORS pafupipafupi, pitirizani kuyamwitsa, ndipo kaonaneni ndi mlangizi wa zaumoyo kuti akupatseni mapiritsi a zinki. Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi latentha, akukana kuyamwa, akusanza chilichonse kapena akungogona, nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Osadikira kuti dzino lituluke kaye. Osagula mankhwala pagolosale mongoganizira. Mukafika kuchipatala, uzani adokotala kuti kunyumba kuli kamba.