Mchere wamadzimadzi ndi mkangano wa pa DNA

Mchere wothira m'ndiwo susungunuka pamoto mpaka kutentha kupitirire madigiri 800. Koma mu 1914, Paul Walden, wasayansi wa ku Riga m'dziko la Latvia, anapanga mchere wina wotchedwa ethylammonium nitrate womwe umakhala wamadzimadzi pa madigiri 12 okha. Kwa zaka zambiri ndi ochepa omwe anaulabadira. Zinthu zinasintha mu 1992 pamene John Wilkes ndi Michael Zaworotko anapanga michere ya mtundu wa imidazolium yosaonongeka ndi mpweya kapena chinyezi. Michereyi, yomwe amaitcha ionic liquids, siuluka ngati nthunzi, choncho anthu anayamba kuitama kuti ndi zosungunulira zosaononga chilengedwe.

Kutamako kunafulumira kwambiri, ndipo DNA, yomwe imasunga malangizo a chibadwa m'maselo a zamoyo, ndiyo inasonyeza zimenezi.

Pa zilembo zinayi za DNA, zomwe ndi adenine (A), cytosine (C), guanine (G) ndi thymine (T), guanine ndiye sachedwa kugwidwa ndi okosijeni waukali. Mu 1984, Hiroshi Kasai ndi Susumu Nishimura a ku Japan anafotokoza chomwe chimatsala akagwidwa, chomwe lero chimatchedwa 8-oxoguanine. Chilembo chovulalachi chimatha kugwirana ndi adenine m'malo mwa cytosine, ndiye selo ikamakopera DNA yake, pomwe panali G pamadzakhala T. Kusintha kotere kumapezeka m'matenda a khansa.

Nanga michere ija imateteza DNA kapena imaipweteka? Mu 2010, gulu la Douglas MacFarlane ku yunivesite ya Monash ku Australia linaonetsa kuti DNA yosungidwa mu mchere wa choline wokhala ndi madzi pang'ono imakhala miyezi osaonongeka, ngakhale kunja kwa firiji. Zinasangalatsa ambiri. Koma ena anathira michere ya imidazolium m'madzi momwe munali nsomba za zebrafish, ndipo anapeza okosijeni waukali atachuluka m'maselo, DNA itaduka. Poyeza, amaika maselo pagalasi lopaka jelo n'kudutsitsa magetsi. Tizidutswa ta DNA timakokedwa n'kupanga mchira kumbuyo kwa selo, ndipo mchira ukatalika ndiye kuti kuonongeka n'kwakukulu.

Chomwe chimandikhudza n'chakuti poizoni wa michereyi amakula mogwirizana ndi kutalika kwa tcheni cha kaboni chomwe opanga amalumikiza pa mcherewo. Tcheni chachitali chimalowerera mosavuta m'khungu la selo. Kutalikako amasankha ndi munthu mu labotale, ndiye mchere uliwonse watsopano uyenera kuyesedwa pawokha pa maselo amoyo usanatayidwe m'madzi.