Musayambire pa camshaft yaikulu

Munthu akafuna kuwonjezera mphamvu pa injini ya Chevrolet 350 (ya ma cubic inch 350) ya Camaro kapena Chevelle, amathamangira camshaft (chitsulo chotsekula mavalavu) yaikulu ndi kabureta ya 850 cfm (muyezo wa mpweya umene imalowetsa pa mphindi). Akamanga, galimoto imabangula bwino ili chiimire, koma ponyamuka imakwawa ngati ngolo ya ng'ombe. Cholakwikachi chafika potopetsa.

Yambani ndi compression, mmene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda. LT-1, mtundu wa 350 wa 1970, inali ndi 11:1, ndipo mu Camaro Z28 inkatulutsa mahachi 360. Kuyambira 1971 General Motors inatsitsa compression, moti ma 350 ambiri a zaka zotsatira ali cha pa 8.5:1 ndi mahedi (zivundikiro za masilinda) okhala ndi mpata woyakira wa 76 cc. Camshaft yaikulu imachedwa kutseka valavu yolowetsa mpweya, choncho pisitoni ikamakwera imabweza wina kunja. Pa injini yofooka kale, mwangoilanda kamphamvu komwe inali nako. Ikani mahedi a 64 cc, monga a Vortec a 1996, compression ikwere pafupifupi ndi 1. Dziwani kuti amafuna manifold (njira yolowetsera mpweya) yawoyawo, ndipo lift (mmene valavu imatsekukira) ikapitirira cha pa mainchesi 0.450 muyeze kaye ngati retainer (chogwira sipuling'i ya valavu) sikugunda seal ya valavu.

Za kabureta n'zachidule: 350 kuchulukitsa ndi 5,500 rpm, kugawa ndi 3,456, mupeza 557 cfm, mpweya umene injini imafuna. Ya 600 cfm ndi yokwanira. Ofuna mphamvu yokoka aike crankshaft ya stroke (mtunda umene pisitoni imayenda) ya mainchesi 3.75, akulitse masilinda ndi mainchesi 0.030, injini isanduke 383.

Koma chimene chimawawa kwambiri ndi injini yomangidwa bwino imene imafa tsiku loiliza koyamba. Camshaft ya flat tappet, imene ma lifter ake (tizitsulo tokwera pa camshaft) ndi ophwatalala pansi, imafuna oyilo wokhala ndi zinc, amene amati ZDDP, ndipo oyilo wambiri wamakono ali ndi wochepa. Pakani girisi wake pa lobe (chotupa cha pa camshaft chokankha lifter) iliyonse, pompani oyilo ndi drill musanalize, konzeranitu timing (nthawi yothetheka moto) kuti ilire nthawi yomweyo. Ikalira, ikwezeni pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm kwa mphindi 20 mpaka 30. Osaisiya pa idle (kulira motsika osaponda mafuta) ngakhale pang'ono! Ma lobe amanyowetsedwa ndi oyilo womwazidwa ndi crankshaft. Pa idle amauma, lifter imaleka kuzungulira n'kuyamba kudya chitsulo.

Chizindikiro chake ndi kaphokoso ka "tiki-tiki" pa rocker (kachitsulo kokankha valavu) imodzi. Apa ndi pamene makaniko wachinyengo amangomanga nati n'kunena kuti "ikhazikika yokha". Siikhazikika. Zimitsani, dulani fyuluta ya oyilo, tambasulani pepala lake padzuwa. Mukaona tizitsulo tonyezimira, tafika kale m'mabering'i, ndipo kusintha camshaft yokha n'kutaya ndalama. Injini yonse iphwasulidwe, tinjira ta oyilo titsukidwe ndi burashi. Ndipo makaniko amene alibe zida zoyezera monga micrometer kapena Plastigage, amene amayeza mpata wa mabering'i ndi maso, musamusiyire buloko yanu.