Tekiniku wa ku chipatala chathu anachokera kuti?

M'zipatala za m'madisitirito kuno ku Mozambique, mayi akavutika pobereka n'kufunika opaleshoni, kwa zaka zambiri amene wakhala akugwira mpeni si dotolo wa ku yunivesite. Ndi tekiniku, wogwira ntchito ya m'chipatala amene anaphunzitsidwa opaleshoni. Anthu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga tinazolowera, ena timangomutchula kuti adokotala, koma kupezeka kwake kuli ndi mbiri, ndipo mbiriyo ndi ya ndalama za boma.

Dziko litalandira ufulu pa 25 June 1975, madotolo ambiri achipwitikizi ananyamula katundu. Otsala sanakwane 100 m'dziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo anali m'mizinda ikuluikulu. Sukulu ya udotolo inali imodzi yokha, ku Lourenço Marques (lero Maputo), ulendo wa makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete. Atsamunda sanailingalire mwana wa mlimi wa mbatata wa ku Ulongué. Pa 24 July chaka chomwecho Samora Machel, amene iyenso anagwirapo ntchito ya unamwino, anaika zipatala zonse m'manja mwa boma, zamishoni zomwe. Boma linasenza mtolo wonse: kuchiza, kuphunzitsa ochiza, n'kuwalipira.

Nduna yoyamba ya zaumoyo, Hélder Martins, ndi anzake anaona kuti kudikira madotolo n'kusiya anthu afe. Anasankha kuphunzitsa anthu ambiri maphunziro aafupi: anamwino, azamba, matekiniku oyeza odwala. Mu 1978 kunayamba ma APE, anthu osankhidwa ndi mudzi wawo, ophunzitsidwa miyezi yochepa n'kubwerera kwawo ndi bokosi la mankhwala.

Kenaka nkhondo ya pachiweniweni. Kuno ku Tete inawononga koopsa. Zipatala zazing'ono zinatenthedwa, ogwira ntchito ena anaphedwa, ena anagwidwa, ndipo midzi yathunthu inawolokera ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza. Ntchito ya ma APE inazilala.

Chodabwitsa n'chakuti m'kati mwa moto womwewo, mu 1984, boma linayamba kuphunzitsa matekiniku a opaleshoni. Ankatenga munthu wodziwa kale ntchito ya m'chipatala n'kumuwonjezera zaka 3. Madotolo ena anaipidwa nazo, ati mpeni sungapatsidwe munthu wosadutsa ku yunivesite. Nthawi inayankha yokha. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2007 anapeza kuti pa maopaleshoni akuluakulu 100 a uchembere m'zipatala za m'madisitirito, 92 ankachita ndi matekiniku. Anapezanso kuti patatha zaka 7, matekiniku pafupifupi 9 mwa 10 anali akadali kumidzi, pamene madotolo amene anatumizidwa kumeneko onse anali atachoka. Ine ndikaona zimenezi sindikayika kuti pa ndalama zonse zimene boma linaikapo pa zaumoyo, izi ndi zimene zinapulumutsa amayi athu ambiri.

Koma thumba linali litayamba kubooka. Mu 1987 boma linalowa m'ndondomeko yokonzanso chuma yotchedwa PRE, mogwirizana ndi mabungwe obwereketsa ndalama a IMF ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ndalama zogwiritsa ntchito zinachepa, malipiro a anamwino anatha mphamvu. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, zambiri zomanganso zinadalira akunja. Ku Tete dziko la Denmark linathandiza ntchito zaumoyo kwa zaka zambiri. Ma APE anadzutsidwanso mu 2010, koma kandalama kawo ka pamwezi kakhala kakudalira kwambiri mabungwe othandiza. Thandizo n'labwino, kungoti mwini wake akasintha maganizo, kalasi imatsekedwa.

Pali chimodzi chachikulu chimene tinapindula. UniZambeze, yunivesite ya boma imene inakhazikitsidwa mu 2007, likulu lake lili ku Beira, koma sukulu yake ya zaumoyo anaiika mumzinda wa Tete. Kuphatikiza ndi Instituto de Ciências de Saúde de Tete, sukulu ya anamwino ndi matekiniku, mwana wa ku Domué tsopano angaphunzire kuchiza osapita ku Maputo. Ubwino wake suli pa mtunda wokha. Agogo osadziwa Chipwitikizi amafotokoza bwino ululu wawo kwa namwino amene akumva Chichewa kapena Chinyungwe, popanda mdzukulu womasulira zinthu zochititsa manyazi.

Mkangano wa lero uli pa zimene zimatsatira maphunzirowo. Ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni zitaululika mu 2016, mayiko othandiza anaimitsa ndalama zopita m'bajeti ya boma. Ndondomeko yatsopano ya malipiro, TSU, itabwera mu 2022, madotolo ananyanyala ntchito kumapeto kwa chakacho ndiponso mu 2023. Achinyamata ena amamaliza unamwino n'kukhala pakhomo kudikira kuti boma litsegule malo, pomwe chipatala cha kwawo chili ndi namwino mmodzi wogwira usana ndi usiku. Mu 2001 ku Abuja mayiko a mu Africa, Mozambique yomwe, analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri sitinafikepo. Chigawo chimene chimatumiza malasha a ku Moatize ndi magetsi a ku Cahora Bassa kunja chili ndi chifukwa chofunsira kuti boma lilipire lokha maphunziro a anamwino ndi matekiniku ake, ndi kuwalemba ntchito akangomaliza.