Furisode ndi mwambo wa zaka 20 ku Japan: chovala chofuna manja anayi

Lolemba lachiwiri la Januwale, malo okonzera tsitsi m'matauni a ku Japan amatsegula kusanache. Atsikana a zaka 20 amakhala atapatsidwa nthawi, wina 4 koloko, wina 5 koloko, kuti akonzedwe tsitsi ndi kuvekedwa furisode, mtundu wa kimono (chovala chachikhalidwe cha ku Japan) wa manja aatali, asanapite ku holo ya mzinda ku mwambo wolowa uchikulire. Ambiri sangathe kudziveka okha chovalachi, ndipo amayi awo ambiri sangathenso kuwaveka.

Kuvekedwa ndi munthu wina pa tsiku lotere n'kwakale. M'nthawi ya Heian (794 mpaka 1185), mnyamata wa m'banja lolemekezeka ankachita genpuku: ankamumanga tsitsi mwachikulu, kumuveka chisoti ndi kumupatsa dzina latsopano. Mtsikana ankachita mogi, ndipo wamkulu wosankhidwa ndiye ankamumanga chingwe cha mo, chovala chokwekwereza kumbuyo. Zoti uchikulire uyambe pa zaka 20 zinabwera ndi boma la Meiji mu 1876. Msonkhano wa masiku ano unayambira ku Warabi, m'chigawo cha Saitama, mu Novembala 1946, pofuna kulimbitsa mtima achinyamata dziko litangogonja pankhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mu 1948 boma linakhazikitsa 15 Januwale kukhala tchuthi cha Seijin no Hi, tsiku la uchikulire, ndipo kuyambira 2000 tsikuli linasamukira ku Lolemba lachiwiri. Pa 1 Epulo 2022 malamulo anatsitsa msinkhu wa uchikulire kufika pa zaka 18, koma matauni ambiri anakana kusuntha mwambowo, anangousintha dzina kukhala Hatachi no tsudoi, msonkhano wa a zaka 20. Wa zaka 18 mu Januwale amakhala ali pakalapakala ndi mayeso olowera kuyunivesite, ndipo mowa saloledwabe.

Furisode inayamba ngati chovala cha ana, anyamata ndi atsikana omwe, chotsegula m'khwapa kuti thupi lisatenthe. M'nthawi ya Edo (1603 mpaka 1868) manja ake anatalikiratalikira mpaka anakhala chizindikiro cha mkazi wosakwatiwa. Akakwatiwa ankawafupikitsa, n'chifukwa chake chovala chaulemu cha amayi apabanja chimatchedwa tomesode, manja oimitsidwa. Lero manja a chūfurisode, furisode yapakati, amalendewera pafupifupi masentimita 100, a ōfurisode, yaikulu, pafupifupi 114. Nawonso lamba, obi, anakula m'nthawi yomweyo, mfundo yake n'kukhazikika kumsana kumene mwiniwake saona. Nkhondo itatha anthu anazolowera zovala za Azungu, luso limene mwana ankangotengera kwa amayi ake linazimirira m'makomo, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 sukulu za kitsuke, luso loveka kimono, zinachuluka. Malamulo ambiri amene anthu amati ndi amakedzana anakhwimitsidwa m'sukulu zimenezi. Pa zithunzi zakale anthu amaoneka atavala momasuka kwambiri.

Wofuna kuphunzira kudziveka ayambe ndi kimono wamba ya manja aafupi, furisode pambuyo. Akonzeretu masokosi a tabi, zovala zam'kati, nagajuban (mkanjo wovala pansi pa kimono) yosokerera kale kolala yoyera ya han'eri, kapulasitiki kolimbitsa kolala kotchedwa erishin, zingwe za koshihimo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, malamba awiri a datejime, matawulo atatu kapena anayi opyapyala, mabolodi awiri a obi-ita owongolera obi, kapilo ka obimakura kochirikiza mfundo, kansalu ka obiage kophimba kapiloko ndi chingwe cha obijime chomanga pamwamba pa obi. Tabi ndizo zoyamba kuvala, chifukwa obi akamangidwa kuwerama kumavuta ndipo kumasokoneza zonse.

Matawulo ambiri amawanyoza, koma ndiwo maziko. Kimono imasokedwa ndi nsalu zowongoka, ilibe mokhota motsata thupi, choncho imafuna thupi looneka ngati mtondo. Tawulo limadzaza m'chiuno ndi pamwamba pa matako. Popanda ilo obi amatsetsereka, amachita makwinya, ndipo zingwe zimaluma nthiti.

Kolala imakhazikitsidwa pa nagajuban, osati pa furisode. Ikokereni kumbuyo kuti pakati pa khosi ndi kolala palowe chibakera chimodzi, kutsogolo itseke pakhosi popeza ndi ya mtsikana, kenako mangani. Ikalakwika apa, chapamwamba sichingaikonze. Mbali yakumanja imayamba kugona pathupi, yakumanzere pamwamba pake, moti dzanja lamanja lilowe pachifuwa mosavuta. Lamulo limeneli linaperekedwa mu 719, ndipo kupingasa mosemphana amavekera maliro. Galasi limanamiza oyamba kumene, choncho yesani ndi dzanja.

Furisode ndi yaitali pafupifupi msinkhu wonse wa mwiniwake. Ikwezeni, kenako muitsitse pang'onopang'ono mpaka mpendero utatsala pang'ono kukhudza pansi, nsonga yam'kati muikweze kwambiri kuposa yakunja kuti chovala chichepe cha kumapazi. Chingwe cha m'chiuno ndicho chokha choyenera kuthina zenizeni, chifukwa chanyamula kulemera konse kwa silika. Za pachifuwa mangani mutakoka mpweya, apo ayi mudzayamba chizungulire zolankhula za a meya zisanathe. Nsalu yotsala imapindidwa kukhala ohashori, yooneka masentimita 6 kapena 7 pansi pa obi. Ikatupa ndiye kuti nsalu yam'kati sinakwezedwe m'mwamba. Manja aataliwo muwapanire ndi zopanira kuti asakodwe m'zingwe.

Pa obi ndi pamene manja awiri amaperewera. Fukuro obi ndi wotambalala masentimita pafupifupi 31, kutalika kupitirira mamita 4, wolimba ndiponso wolemera. Amazungulira thupi kawiri, m'mwamba kuposa wa mayi wapabanja, ndipo wotsalayo amapindidwa kukhala mfundo yokongoletsa, kaya ya mapiko yotchedwa fukura suzume, tateya wopendekeka kapena bunko, atagwidwa ndi zingwe zitatu za lasitiki. Wodziveka yekha amamanga mfundoyo kutsogolo n'kuitembenuzira kumsana, nthawi zonse cha kumanja, chifukwa akazungulitsa kumanzere kolala imatseguka. Kunena zoona, ngakhale aphunzitsi a kitsuke amavekedwa ndi anzawo pa furisode. Wophunzira akafika pa datejime yekha, wina n'kudzangomanga obi, wachita bwino kale.

Kudalira ena kumeneku kunabala bizinesi yaikulu. Mabanja amabwereka chovala chaka chimodzi kapena ziwiri tsikulo lisanafike, kulipiriratu chovala, woveka ndi zithunzi pamodzi. Kuopsa kwake kunaoneka pa 8 Januwale 2018, kampani ya Harenohi itatseka mwadzidzidzi m'mawa wa tsikulo. Atsikana ambiri ku Yokohama ndi Hachiōji anapeza zitseko zokhoma, ena zovala zawozawo zili m'katimo, ndipo oveka a m'deralo anathamanga kudzathandiza mwaulere.

Ena amavala furisode ya amayi awo, imene amaitcha mama-furi, n'kungosintha kolala, obiage ndi obijime. Oterowo aitulutse m'bokosi miyezi ingapo pasadakhale, aone nkhungu ndi mawanga achikasu, ndipo ayeze yuki, kuchokera pakati pa msana kufika pamfundo ya dzanja, chifukwa kawirikawiri mwana amatalika manja kuposa mayi ake ndipo telala wa kimono sasoka m'sabata imodzi.