Chifukwa chake ziwerengero za nkhani zogonana zimapendekeka

Tengani dera lomwe anthu ake amagonana okhaokha. Mukaphatikiza nambala za akazi amene mwamuna aliyense akuti anagona nawo chaka chatha, zikuyenera kufanana ndi nambala za amuna amene mkazi aliyense akutchula mukaziphatikizanso, poti chibwenzi chilichonse chili ndi anthu awiri. Koma m'kafukufuku wambiri, kuno ku Malawi ndi kunja komwe, nambala ya amuna imakhala pamwamba. Mwa zina, n'chifukwa choti amayi oyendayenda sapezeka kawirikawiri m'kafukufuku wa khomo ndi khomo. Chinanso ndi manyazi ndi kudzitama: mwamuna amawonjezera, mkazi amachotsera, aliyense pofuna kuoneka wabwino pamaso pa wofunsa.

Anthuwa si abodza ayi. Mayi wa ku Area 25 akufunsidwa pakhonde, apongozi akusenda mbatata chapafupi, wofunsayo ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake: "Amayi, m'miyezi 12 yapitayi mwagonapo ndi anthu angati?" Yankho lake likudziwika kale: "Bambo a pakhomo pano basi." Mafunso otere safunika mboni. Mkazi afunsidwe ndi mkazi mnzake, m'chipinda kapena patali pomwe wina sangamve, ndipo ayambe acheza za zina asanafike pa zakuchipinda.

Funso la kondomu ndiye limapotoka kwambiri kuchipatala, makamaka ngati namwino wofunsayo ndi yemweyo anapereka uphungu dzulo. Ndani angamuuze kuti malangizo ake sanagwire? Ku Zimbabwe ofufuza anayeza amayi pofuna PSA, puloteni ya mu umuna yomwe imatsalira m'thupi la mkazi kwa masiku pafupifupi awiri. Mwa omwe inapezeka, pafupifupi theka anali atanena kuti m'masikuwo sanagonane popanda kondomu.

Pali njira zochotsa maso a wofunsa. Ku Manicaland, chigawo cha Zimbabwe, munthu ankalemba yankho pakapepala n'kuponya m'bokosi lotseka, ngati povota. Ina ndi ACASI: munthu amavala mahedifoni, funso limamveka m'Chichewa, iye n'kudina yankho pa kompyuta. Isatengedwe ngati mankhwala a zonse. Itayesedwa pa atsikana osakwatiwa kumidzi ya kumwera kwa Malawi, ovomera kuti anagonanapo anachuluka pofunsidwa maso ndi maso, pomwe otchula zibwenzi zingapo anachuluka pa kompyuta. Wosazolowera makinawo amadina molakwika, ndipo palibe womufunsanso mayankho ake akatsutsana. N'chifukwa chake ofufuza osamala amaphatikiza mafunso ndi kuyeza magazi kapena PSA.